Chopereka chipite kuti: kusukulu ya ubusa kapena kwa atumiki osalipidwa?

Maliro akagwa usiku m'mudzi wa kwa Mfumu Mpama ku Chiradzulu, uthenga suyambira kwa abusa. Umayambira kwa mkulu wa mpingo wa m'mudzimo, kapena kwa wapampando wa limana ngati womwalirayo adali Mkatolika. Kukamacha amayi a Mvano amakhala atafika kale pasiwa, mabulauzi oyera ali mbee, nyimbo ili pakamwa. Wolalikira kumanda nthawi zambiri amakhala mlimi wa nandolo amene wasiya khasu kumunda. Abusa kapena bambo mfumu amafika akapeza mpata, malinga ndi kuchuluka kwa maliro m'dera lawo tsiku limenelo.

Mwa anthu onsewa palibe amene amalandira malipiro. Komabe Lamulungu, mlembi akalengeza za ndalama zoyenera kupita ku sinodi kapena ku dayosizi, zimene mbali ina imaphunzitsa abusa ndi ansembe a mawa, opisa m'thumba amakhala iwo omwewo. Mkangano wagona pamenepa. Ena akuti kandalama kochepa ka mpingo kayambe kasula mbusa wodziwa ntchito yake. Ena akuti kayambe kalimbitsa anthu amene akusenza kale mpingo tsiku ndi tsiku popanda wowaphunzitsa kapena wowabwezera ya thiransipoti.

Nkhaniyi ikadakhala yopepuka thumba likadakhala lonenepa. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 356,875 ku Chiradzulu, boma laling'ono pamalo koma lothithikana, kumene mabanja ambiri amalima kamunda kosakwanira chakudya cha chaka chonse. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy adakokolola mudzi wa Ntauchira ndi kuononga mbewu m'madera ambiri, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha idatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Chakhumi, mtulo ndi masika zimachokera m'nkhokwe zoterozo.

Akuti mbusa ayambe waphunzira

Oima kumbali ya sukulu ya ubusa safunika kupita kutali kukafuna umboni. Amangoloza ku Mbombwe. M'chaka cha 1897 John Chilembwe adanyamuka ndi Joseph Booth kupita ku America, nakaphunzira pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Atabwerako mu 1900 adakhazikitsa ku Mbombweko Providence Industrial Mission, mpingo umene aliyense amangoti PIM. Adatsegula masukulu, adamanga tchalitchi cha njerwa chimene chidadabwitsa ngakhale Azungu, ndipo mu Novembala 1914 adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kutsutsa zotengera Aafirika ku nkhondo imene siidali yawo. Akumbali iyi amafunsa kuti: kodi Chilembwe akadakhala mlaliki wamba wosaphunzira, akadalemba kalata yotere? Nkhope yake imene ili pandalama zathu lero, iwo amatero, ndi ya mbusa amene anthu ena adavomera kumulipirira sukulu.

Wachiwiri ndi Daniel Sharpe Malikebu, mwana wa ku Chiradzulu komweko. Iye adatsatira mphunzitsi wake Emma DeLany ku America, adaphunzira za Baibulo, ndipo mu 1917 adatsiriza udokotala pa Meharry Medical College, zaka 20 Kamuzu Banda asadatsirize pasukulu yomweyo. Atafika ku Mbombwe mu 1926 ndi mkazi wake Flora, mpingo umene boma la atsamunda lidautseka udadzukanso n'kufalikira mpaka kunja kwa Nyasaland. Munthu mmodzi wophunzira bwino, iwo amati, adachita zimene khamu la anthu a mtima wabwino lidalephera kuchita palokha.

Amakumbutsanso za pa 8 Marichi 1992, pamene kalata ya maepiskopi a Katolika idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse n'kugwedeza ulamuliro wa chipani chimodzi. Kalata ija idalembedwa ndi anthu odziwa chiphunzitso cha mpingo pa za chilungamo, odziwa kusanja mfundo moti ngakhale boma lidasowa poigwira. Luso lotere silimera lokha ngati bowa.

Koma mfundo yawo yolemera kwambiri ndi ya lero. Mipingo yatsopano ikubadwa m'makalasi a sukulu ndi m'misika, ndipo aliyense wokhala ndi chimkuzamawu akhoza kudzitcha mneneri. Achipatala akhala akudandaula za odwala amene amasiya kumwa ma ARV atauzidwa kuti pemphero lawachiritsa, ndipo ku Chiradzulu, kumene Edzi idasautsa kwambiri, zimenezi si zoseketsa. Kuli nkhani zonamizirana ufiti zimene zimathera kumenya nkhalamba. Kuli lamulo la maukwati la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017, zimene zidakhazikitsa zaka 18 ngati msinkhu wokwatira, ndipo wodalitsa ukwati ayenera kuzidziwa. Pamwamba pa izo, m'mabenchi muli achinyamata a MSCE ndi ophunzira a ku Catholic University ku Nguludi amene amamvera alaliki a ku Nigeria ndi ku South Africa pafoni. Mafunso awo safuna kuyankhidwa ndi kukalipa.

Mbusa wotere satuluka msanga. Wa CCAP amakhala zaka zitatu kapena zinayi ku Zomba, pasukulu imene idatsegulidwa mu 1977. Wansembe wa Katolika wochokera ku seminale yaing'ono ya Pius XII ku Nguludi amadutsa ku Kasina, ku Kachebere ndi ku St Peter's ku Zomba, zaka zosachepera 8 atamaliza Folomu 4. Zaka zonsezi amadya, amagona, amafuna mabuku ndi aphunzitsi. Mpingo ukanyalanyaza kulipira lero, iwo amachenjeza, njala ya abusa idzaoneka patapita zaka 10, nthawi yokonza itatha. Ndipo m'mipingo iyi mkulu wa mpingo kapena katekisiti, achite khama chotani, sangatsogolere Mgonero kapena Misa.

Akuti mpingo uli m'manja mwa osalipidwa

Akumbali inayi nawonso amaloza ku Mbombwe komweko, koma amawerenga zaka zina. Kuukira atsamunda kumene Chilembwe adatsogolera pa 23 Januwale 1915 kutalephera, iye adaphedwa pa 3 Febuluwale, tchalitchi chake chidaphulitsidwa, atsogoleri ambiri adanyongedwa kapena kumangidwa. Kuyambira pamenepo mpaka 1926, zaka 11, PIM idalibe mbusa pa Mbombwe. Malikebu adayesa kubwera kale koma boma lidamukaniza kulowa. Nanga pamene adaloledwa, adapeza yani? Adapeza Akhristu wamba amene adasunga chikhulupiriro chawo mwakachetechete ndi kulimbikira kuti mishoni itsegulidwenso. Pakadapanda iwowo, dokotala uja akadafikira pabwinja.

Mbiri ya Blantyre Mission imanena zofanana. Mishoniyi idayamba mu 1876, koma abusa oyamba achikuda, Harry Kambwiri Matecheta ndi Stephen Kundecha, adadzozedwa mu 1911. Pa zaka 35 zapakatipo, uthenga udalowa m'midzi ndi aphunzitsi, alaliki ndi atumiki. Matecheta mwini, wobadwira cha ku Nguludi, adali mmodzi mwa atumiki 7 amene David Clement Scott adawapatula mu 1894, ndipo adagwira ntchito pakati pa Angoni a ku Ntcheu kwa zaka zambiri asadavale kolala. Ku Nguludi nako, kumene ansembe a Montfort adakhazikika mu 1903, ansembe adali owerengeka ndipo Chichewa ndi Chilomwe adachita kuphunzira. Amene adaphunzitsa katekisimu pansi pa mitengo ndi kubatiza odwala mwakayakaya adali akatekisiti.

Mpingo wa Katolika udavomereza zimenezi poyera. M'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a kum'mawa kwa Africa, m'bungwe lawo la AMECEA, adagwirizana kuti moyo wa mpingo ukhazikike pa miphakati, imene kuno kumwera ambiri amaitchula kuti malimana. Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe adali mmodzi mwa olimbikitsa kwambiri ganizoli. Mu Meyi 2021 Papa Francis adakhazikitsa ukatekisiti ngati utumiki wovomerezeka wa Akhristu eniake. Papepala zonse zili bwino. Funso la akumbali iyi ndi lakuti m'bajeti mwalembedwa zingati.

Amati ntchito yongodzipereka si yaulere, kungoti amene amailipira saoneka. Mkulu wa mpingo akamapita kumsonkhano wa seshoni amalipira kabaza kapena kutha matayala a njinga yake. Akamaitanitsa anthu kumaliro amathera mayunitsi ake. Tsiku limene ali kumanda ndi tsiku limene sadapalire, ndipo mvula siidikira. Mayi wa Mvano amagula yekha yunifolomu, amasonkha ufa ndi nkhuni, amachapa zovala za wodwala, kenaka amasonkhanso za mphatso ya abusa. Wophunzitsa Sande sukulu kapena Tilitonse amaima pamaso pa ana ambirimbiri wopanda buku, ena wopanda ngakhale Baibulo lakelake. Ambiri mwa osenza katunduyu ndi amayi, ndipo m'dera ngati la Chiradzulu, kumene abambo ambiri amalawira ku Limbe kukasaka maganyu, kusiyanaku kumaonekera kwambiri.

Dandaulo lawo lina ndi lowawa. Mudzi umasonkha kuti mwana wake akaphunzire ubusa, koma akaphunzira kwambiri amakathera mumpingo wa m'tauni, kuofesi ya sinodi, kuyunivesite kapena kubungwe lomwe si la boma. Kumudzi kumatsala mbusa mmodzi woyang'anira mipingo ingapo ndi nyumba za mapemphero zambiri, woonekera pa Mgonero ndi paukwati. Ena amafika potchula thangata. Chiradzulu ndi Magomero amadziwa bwino za kugwira ntchito osalipidwa m'minda ya A. L. Bruce, ndipo nkhanza zimenezo ndi zina mwa zimene zidautsa mkwiyo wa 1915. Palibe amene akunena kuti mpingo ndi esiteti. Akungochenjeza kuti kudzipereka kukasanduka kokakamiza, kokhala ndi chindapusa kwa wojomba ndi chiopsezo chakuti sadzaimbiridwa pamaliro ake, anthu amayamba kukumbukira zakale.

Kubwezerana mawu

Akumbali ya sukulu sakana kuti akulu a mpingo amavutika. Chimene amaopa ndi alawansi. Mabungwe ambiri amene agwira ntchito m'midzi adazoloweza anthu kuti msonkhano uliwonse umatha ndi kusainira envulopu, moti lero mfumu ikaitana anthu kukaumba njerwa za sukulu ena amayamba afunsa ngati pali kanganyase. Mzimu umenewu ukalowa mumpingo, iwo amati, maudindo adzayamba kulimbiranidwa chifukwa cha ndalama, ndipo tsiku limene thumba lidzaume ntchito idzaima. Amatchula Paulo, amene ankasoka mahema ku Korinto kuti asalemetse mpingo. Amaonjezanso kuti mtumiki wodzipereka koma wosadziwa akhoza kuvulaza anthu: kubwezera mayi womenyedwa kwa mwamuna wake m'dzina la kupirira, kapena kuulula pagome zimene wodwala adanena mwachinsinsi.

Anzawo amayankha kuti mfundo yomalizayi ikuwathandiza iwo. Ngati mkulu wa mpingo wosaphunzira ali woopsa, ndiye aphunzitsidwe, pakuti ndiye amene ali ndi anthu masiku 6 pa sabata. Pa za Paulo amakumbutsa kuti mtumwi yemweyo, m'kalata yoyamba kwa Akorinto mutu 9, adateteza ufulu wa wogwira ntchito ya uthenga kuti adye za ntchitoyo. Amatchulanso Yetero, amene adalangiza Mose kuti agawire ena milandu asadafe ndi kutopa. Ndipo amati sakupempha salale. Kubwezera munthu ya kabaza imene wawononga pa ntchito ya mpingo n'kosiyana ndi kumulemba ganyu.

Adalipira ndani kale?

Pali chinthu chimodzi chimene mbali zonse ziwiri sizikonda kuchitchula. Abusa ophunzira amene Chiradzulu imanyadira sadaphunzitsidwe ndi chopereka cha ku Chiradzulu. Chilembwe ndi mishoni yake adathandizidwa ndi Abaptisti achikuda a ku America a National Baptist Convention, omwenso adatumiza Landon Cheek ndi Emma DeLany ndipo pambuyo pake adathandiza Malikebu. Matecheta adaphunzira pamishoni yoyendetsedwa ndi ndalama za ku Scotland. Maseminale a Katolika akhala akudalira kwambiri bungwe la Papa la Petulo Woyera Mtumwi, limene Jeanne Bigard ndi mayi ake adaliyambitsa ku France mu 1889 kuti lithandize kuphunzitsa ansembe m'mayiko a mishoni. Kunena mwachidule, akunja ankalipira sukulu ya mbusa, mudzi unkalipira ntchito ya mlaliki ndi thukuta lake.

Mgwirizano wosalembedwawu ukutha. Matchalitchi a ku Scotland ndi madera ena a ku Ulaya akuchepa anthu, ndipo maepiskopi ndi masinodi kuno akulalikira za mpingo wodzidalira. Kudzidalira n'kwabwino, koma tanthauzo lake kwa banja la kwa Mpama ndi lakuti ngongole zonse ziwiri zagwera pakhomo limodzi. Pepa Sande imodzi ikufunidwa ndi sukulu ya ku Zomba, denga la tchalitchi, nyumba ya abusa ndi njinga ya mlaliki.

Chiradzulu ili ndi chitsanzo cha momwe vuto longa ili lidathetsedwera, ngakhale kuti chidachokera kuchipatala. Bungwe la madokotala la MSF lidayamba kupereka ma ARV m'bomali mu 2001, nthawi imene ambiri ankati mankhwalawa sangayende kumudzi chifukwa madokotala ndi ochepa. Iwo sadadikire kuti madokotala achuluke, komanso sadangopereka mabotolo kwa aliyense. Adaphunzitsa anamwino kuyambitsa odwala pamankhwala, adatsitsira ntchitoyo kuzipatala zing'onozing'ono, adagwiritsa ntchito alangizi a zaumoyo ndi odwala anzawo polondola osiya mankhwala, ndipo madokotala ochepawo adatsala ndi matenda ovuta ndi ntchito yoyang'anira. Zidatheka chifukwa maphunziro a anthu apansiwo adali ndi ndalama zakezake m'bajeti.

Tikaika pasikelo

Akumbali ya sukulu akunena zoona kuti mpingo wopanda anthu ophunzira mozama umatengeka ndi mphepo iliyonse, ndipo kudula ndalama za ku Zomba kapena ku Kachebere kungakhale kudya mbewu. Koma mbiri ya Mbombwe, Blantyre ndi Nguludi ikulemera kwambiri kumbali inayo pa mfundo imodzi: amene akusowa kwambiri chithandizo lero ndi mkulu wa mpingo, katekisiti ndi mayi wa Mvano, chifukwa mbusa ali ndi sukulu, sinodi ndi abwenzi akunja omuganizira, pamene iwowa alibe mzere wawo m'buku la msungichuma.

Njira zowaphunzitsira zilipo kale ndipo sizidula ngati seminale. Bungwe la TEEM, limene lidayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, limaphunzitsa za Baibulo munthu ali pakhomo pake, m'magulu ang'onoang'ono. Ku Chilema, ku Malosa, kuli malo ophunzitsira Akhristu wamba amene Aangilikani ndi a CCAP amayendetsa limodzi, ndipo amayi a Sinodi ya Blantyre ali ndi Chigodi. Mpingo ukhoza kupatula gawo lodziwika la chopereka cha chaka kuti ligule mabuku, lilipire maphunziro otere ndi kubweza ya thiransipoti pa risiti, popanda kuyambitsa malipiro a pamwezi. Ukhozanso kuika malire a zaka pa udindo kuti katundu asamangogwera anthu omwewomwewo, ndi kuleka kulipiritsa chindapusa mayi amene wajomba chifukwa chosowa.

Sukulu za ubusa nazo zili ndi mbali yake. Aefeso mutu 4 amaika ntchito ya mbusa ndi mphunzitsi pa kukonzekeretsa okhulupirira kuti atumikire. Mbusa wotuluka ku Zomba akadamayesedwa ndi chiwerengero cha akulu a mpingo amene wawaphunzitsa pachaka, m'malo mwa kukula kwa tchalitchi chimene wamanga kapena ndalama zimene watumiza ku likulu, kwacha imodzi ikadagwira ntchito ziwiri. Ndipo wophunzitsidwa ndi chopereka cha kumudzi akadamalonjeza zaka zingapo za utumiki kumudzi asadapite kwina, osonkhawo akadaona phindu la thukuta lawo.

Zina mwa izi seshoni kapena khonsolo ya parishi ya kwa Mpama ikhoza kuziyamba chaka chino popanda kupempha chilolezo ku likulu. Za kumene mbusa atumizidwe ndi zimene aphunzire zimagamulidwa ku Blantyre ndi ku Limbe. Kwa Akatolika, khonsolo imangolangiza ndipo mawu omaliza ndi a arkiepiskopi. Ku CCAP zinthu n'zosiyana: m'dongosolo la Chipresibateriya akulu a mpingo amakhala m'presibitale ndi mumsonkhano waukulu wa sinodi pamodzi ndi abusa, ndipo voti ya mkulu wa mpingo imalemera chimodzimodzi ndi ya mbusa. Ngati akufuna kuti maphunziro awo alowe m'bajeti, angathe kuibweretsa okha nkhaniyi pamsonkhano wa sinodi.